Mmene Mzinda wa Tiyembekeze Unatayira Nyanja Yake

Mu Ufumu wa Zamveka, kumunsi kwenikweni kumene msewu umatopa n'kugona mumchenga, kuli kamzinda ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kotchedwa Tiyembekeze. Akuti kalekale chombo cha amalonda chinatsitsa anthu pagombe limenelo, oyendetsa chombowo n'kunena kuti, "Bakhalani pompano, tikubwera." Anthu aja anakhaladi. Anayamba ndi misasa, kenako nyumba, kenako msika. Pamene zidzukulu zawo zinkamanga holo ya khonsolo, zenera lalikulu analiyang'anitsa kunyanja kuti chombo chikadzatulukira asadzachiphonye. Chaka chilichonse kunkachitika Chikondwerero cha Chombo: anthu onse ankavala bwino, n'kukaima pagombe, n'kuyang'ana kutali mpaka maso kuwawa, kenako n'kupita kukadya.

Mzindawu unali ndi mbali ziwiri. Kumtunda kunali holo ya khonsolo, chipatala, sukulu ndi nyumba za anthu ovala nsapato. Kumchenga kunali doko, msika wa nsomba, malo ophikira mchere ndi anthu amene ankadyetsa ovala nsapatowo. Kuseri kwa Kumchenga kunkadutsa mtsinje wa Mpotoza, ndipo tsidya lake linali boma la Sizathu. Lamulo lakale la malire linali lalifupi: mzinda uthera pamene Mpotoza adutsa.

Meya wa nthawi imeneyo anali a Bizaliyele Mtambalika. Sanali munthu woipa, kungoti ankakonda kumva mawu awo akutuluka pachimkuzamawu. Udindo wawo wonse unali Meya wa Mzinda, Mlonda wa Doko ndi Woyang'anira Mafunde, ndipo woitana pamsonkhano akadumpha chigawo chimodzi, a Meya ankakhosomola mpaka munthuyo abwereze. Anabadwira Kumchenga. Makolo atamwalira, amene anawalera ndi kuwaphunzitsa sukulu anali mlongo wawo wamkulu, Mayi Nasiwelo, wogulitsa mchere, yemwe tsopano anali wapampando wa amayi a mumsika. Ntchito imene a Meya ankanyadira koposa inali mlatho wa konkire womwe anamanga pa Mpotoza, wolowera ku Sizathu. Ankautchula paukwati, pamaliro, ngakhale potsegula chimbudzi cha pasukulu.

Chaka chimenecho mvula inagwa ngati yatumidwa. Mpotoza anadzaza, naganiza zosiya njira ya makolo ake. Anaphulika kumtunda, nadula padambo limene linali pakati pa Kumtunda ndi Kumchenga, nakathira m'nyanja pamalo atsopano. Madzi ataphwera, anthu anapeza kuti mlatho wa a Meya ukuwolotsa mchenga wouma, pamene pakati pa mzinda, pomwe ana ankadutsa popita kusukulu, pagona mtsinje wotakata wopanda ngakhale thabwa limodzi.

Khonsolo inakumana mwadzidzidzi, kutanthauza kuti tiyi atapsa. Khansala wa Kumchenga, a Chimtolo, anafika atanyowa mpaka m'chiuno, nsapato zili m'manja.

"A Meya, tikufuna mlatho," anatero asanakhale n'komwe. "Odwala sakufika kuchipatala. Ana akuwoloka ndi bwato."

A Meya anayang'ana mlembi wa khonsolo, a Kalilangwe, munthu woonda amene ankadziwa malamulo onse pamtima koma osadziwa dzina la nsomba ndi imodzi yomwe.

"Lamulo likuti mzinda uthera pamene Mpotoza adutsa," anatero a Kalilangwe.

"Ndiye?"

"Ndiye Mpotoza akudutsa apa, bwana. Kumchenga kuli tsidya lina. Si mzinda wathunso."

Makhansala a Kumtunda anayamba kuyang'anana, nkhope zikuwala pang'onopang'ono ngati za anthu amene auzidwa kuti mlendo wovuta wanyamuka. Kumchenga ndiko kunkachokera madandaulo onse: zinyalala, ngalande, denga la msika lodontha. A Meya nawo anakumbukira kuti pachisankho chapitacho anthu a Kumchenga anawavotera mochita kukoka mwendo, ena n'kumanena poyera kuti akuvotera mlongo wa a Meyawo.

"Abale anga," anatero a Meya ataimirira, "si ife tawathamangitsa. Ndi chilengedwe. Ife ndife yani kuti titsutsane ndi mtsinje?"

Makhansala anawomba m'manja. A Chimtolo anauzidwa mwaulemu kuti popeza tsopano akuimira dziko lachilendo, asamuke pampando wa khansala akakhale pabenchi ya alendo. Kapu ya tiyi imene anali atawathirira kale inabwezedwa m'ketulo.

Uthenga utafika mumsika, Mayi Nasiwelo anapitiriza kuyeza mchere ngati sanamve. Atamaliza ndi kasitomala, anafunsa mesenjala wa khonsolo kuti, "Ndiye akuti tasamuka?"

"Eya, mayi. Tsopano muli ku Sizathu."

"Koma ulendo wake wabwino bwanji! Sindinamange ngakhale mtolo."

"Ine ndimafuna kudzaona dziko lakunja ndisanafe," anatero mkulu wina wosoka maukonde. "Ndiye ndi lino? Likununkha ngati kwathu."

Mawa lake Mayi Nasiwelo anatenga amayi anzawo, nawoloka mlatho wouma uja, nakafika kwa bwanamkubwa wa Sizathu. Bwanayo anawamvetsera bwino, akugwedeza mutu, kenako anawalozera chikwangwani chimene chinali pakhomo la ofesi yake.

"Mayi, mwawerenga dzina la boma lino?"

"Tawerenga."

"Ndiye ine ndiwonjezere chiyani?"

Choncho Kumchenga kunakhala kopanda mwini. Anthu anasankha amuna a mabwato oti aziwolotsa ana m'mawa ndi masana. Pamlatho wa a Meya anayamba kuyanikapo nsomba, ndipo onse anavomereza kuti sanaonepo thandala lolimba chotero. Koma zinthu sizinali zoseketsa masiku onse. Mtsikana wina wa mumsika, Delifa, matenda a uchembere atamuyamba, anamukweza m'bwato kuthamangira naye kuchipatala, ndipo mwana sanadikire. Anabadwira pakati pa mtsinje, Mayi Nasiwelo atagwada m'madzi a m'bwato, akutchinga ndi chitenje. Mwana anakhala moyo, mayi akenso, koma Delifa anataya magazi ambiri ndipo anagona m'chipatala nthawi yaitali. Mwanayo anamutcha Malire.

Khonsolo itamva, inakhudzidwa kwambiri. Inakhazikitsa komiti yofufuza ngati mwanayo ndi wa mumzinda kapena wa ku Sizathu. Komitiyo inagawikana: ena ankati zitengera kumene mutu wa bwato unaloza, ena ankati kumene mutu wa mwana unaloza.

Zili choncho, kunabwera nduna kuchokera ku likulu, ku Kumpando, ndi uthenga woti Mfumu Ndamva, mwini dziko lonse la Zamveka, adzabwera yekha ku Chikondwerero cha Chombo. Mfumuyo inali isanaonepo nyanja yamchere, ndipo inkafuna kuponda mumchenga ndi kudya nsomba yongovuulidwa kumene.

A Meya anasangalala mpaka anatumiza mkanjo wawo wofiira kukachapitsa. Koma a Kalilangwe anakweza chala.

"Bwana, pali kanthu kakang'ono."

"Nenani."

"Tilibe nyanja."

"Mukuti chiyani? Nanga icho n'chiyani?" A Meya analoza pazenera lalikulu, pomwe mafunde ankaoneka akuthamangitsana.

"Iyo ndi ya ku Sizathu, bwana. Gombe lonse lili Kumchenga. Ife tikungoiona, ngati mmene munthu amaonera mkazi wa mnzake. Ndipo lamulo likuti mzinda wopanda doko ndi mudzi chabe. Mudzi sukhala ndi meya."

A Meya anagwira mkufu wa umeya umene unali m'khosi mwawo, nakhala pansi mwapang'onopang'ono.

Njira yapafupi inalipo: kuvomereza kuti analakwitsa, kubweza a Chimtolo pampando, ndi kuyamba kudula mitengo ya mlatho. Koma m'mbiri yonse ya Tiyembekeze khonsolo inali isanalakwitsepo, ndipo palibe amene ankafuna kuyambitsa mwambo wachilendo. Khansala wina wachikulire anadzuka n'kukumbutsa anzake kuti akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Choncho Mpotoza adzabwerera yekha kunjira yake; chofunika n'kungomukumbutsa. Wina anawonjezera kuti mabwato owolotsa anthu ndi amene akumupatsa mtsinjewo matama, chifukwa akuoneka ngati wavomerezedwa. Onse anagwirizana.

Tsiku lotsatira a Meya anatsikira kumtsinje ndi makhansala, oimba malipenga ali patsogolo. Anthu a Kumchenga anasonkhana tsidya linalo kudzaonerera. A Meya anakweza chimkuzamawu.

"Iwe Mpotoza! Khonsolo ya mzinda wa Tiyembekeze ikukulamula kuti ubwerere kumene unachokera chikondwerero chisanafike. Ukapanda kutero, dzina lako lichotsedwa pamapu. Ndipo kuyambira lero, bwato lililonse lokocheza tsidya lino lilandidwa."

Mtsinje unapitiriza ulendo wake, utanyamula chitsa cha nthochi.

"Mwina ndi wogontha," anafuula msoka maukonde uja. "Bwerezani, bwana!"

"Mumulembere kalata," anatero mayi wina. "Muiponye m'madzimo, akawerengera kutsogolo."

Mayi Nasiwelo okha sanaseke. Anafika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, nalankhula osakweza mawu kwambiri, koma aliyense anamva.

"A Meya, mwati mabwato asakocheze. Nanga ana asukulu?"

"Alendo ochokera ku Sizathu atsate malamulo a mzinda uno, mayi."

"Mayi? Iwe Biza, ukunditcha mayi ine?"

Oimba malipenga anayang'ana pansi. A Meya anatuluka thukuta pamphuno, koma chimkuzamawu chinali kale pakamwa, ndipo munthu akagwira chimkuzamawu sabwerera m'mbuyo.

"Pano ndikulankhula monga Meya, achemwali. Za pachibale tidzakamba kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Kwanu munakupereka kwa eni ake."

Anatembenuka n'kubwerera kumsika. Kuyambira tsiku limenelo mabwato onse anakokeredwa pamchenga tsidya la Kumchenga. M'mawa uliwonse abambo ndi amayi ankawoloka wapansi, ana ali pamapewa, mayunifolomu atamangidwa pamutu. Ana aang'ono kwambiri anangosiya sukulu. Nsomba nazo zinasiya kuwoloka, ndipo Kumtunda anthu ovala nsapato anayamba kudziwana bwino ndi nyemba.

Tsiku la chikondwerero linafika Mpotoza asanasunthe ndi phazi limodzi lomwe. Khonsolo inakonza zolandirira mfumu pachipata cha Kumtunda, pamsewu wochokera ku likulu. Pulani inali yoti mfumu ilowetsedwe m'holo, ikhazikidwe pazenera lalikulu, ione nyanja ili patali, kenako ipatsidwe nkhuku n'kuuzidwa kuti ndi nsomba ya mtundu wosowa. A Meya anavala mkanjo wofiira ndi mkufu wawo. Dzuwa linakwera, malipenga anatentha, koma pamsewu panalibe ngakhale fumbi.

Kenako anamva nthungululu kumbuyo kwawo, kutsidya.

Chinachitika n'chakuti Mfumu Ndamva, atamva kwa zaka zambiri za mlatho wotchuka wa a Mtambalika, analamula kuti ulendo wake uzungulire ku Sizathu kuti adzalowe mumzinda kudzera pamlathopo. Anapeza mlatho wokongoladi, utadzaza nsomba zoyanika mbali zonse, pansi pake mbuzi zikugona. Amene anamulandira anali Mayi Nasiwelo ndi amayi a mumsika. Anamukhazika pampando pansi pa mtengo wa mgwalangwa, namuwotchera nsomba, namuonetsa nyanja. Mfumu inavula nsapato, inaponda m'madzi, funde litabwera inathawa, kenako inabwereranso ikuseka ngati mwana.

Khonsolo yonse inathamangira kumtsinje. Kutsidya ankaona ambulera ya mfumu ndi utsi wa nsomba.

"Bwato!" anafuula a Meya. "Tabweretsani bwato!"

Msoka maukonde uja anabwera m'mphepete, manja ali kumbuyo. "Pepani bwana, tikuopa kulandidwa."

"Lamulo lija ndalichotsa!"

"Simungathe, bwana," ananong'ona a Kalilangwe. "Lamulo la khonsolo limachotsedwa ndi khonsolo, itakhala pansi, tiyi atapsa."

A Meya anayang'ana makhansala awo. Aliyense anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Anayang'ananso kutsidya: mfumu ili mumzinda wawo, ikudya nsomba, popanda woiuza kuti Woyang'anira Mafunde ndi ndani. Anavula mkanjo, naupinda, nauika pamutu pamodzi ndi nsapato. Anatsala ndi kabudula wamkati ndi mkufu. Analowa m'madzi.

Poyamba madzi anali m'maondo, ndipo a Meya ankayenda mwaulemu wake. Kenako anafika m'chiuno. Pakati pa mtsinje mchenga unayamba kuthawa pansi pa mapazi awo, madzi akukoka miyendo ngati ali ndi manja. Anafika pachifuwa, kenako m'khosi. A Meya anaiwala mfumu, anaiwala mkanjo. Anangoona madzi ofiirira akuthamanga pansi pa chibwano chawo, ndipo anachita mantha enieni, a mtundu umene anali atauiwala chichokereni Kumchenga. Nsapato imodzi inagwa n'kupita kunyanja.

Phokoso la anthu linakopa mfumu, ndipo inabwera kumtsinje fupa la nsomba lili m'manja.

"Kodi mutu ukubwera apowo ndi wa yani?" inafunsa.

Anthu onse anayang'ana Mayi Nasiwelo. Akanangonena zoona zokhazokha, umeya wa a Mtambalika ukanathera m'madzi momwemo. Amayi a mumsika ankayembekezera, ena atayamba kale kumwetulira. Mayi Nasiwelo anayang'ana mutu uja ukumira n'kuvuuka, maso ali psuu, monga mlongo wawoyo ankachitira ali kamnyamata pamene ankamusambitsa m'beseni.

"Ameneyo ndi Meya wathu, mfumu yanga," anatero. "Akuyeza kuya kwa mtsinje. Akufuna kutimangira mlatho pamenepa, ndiye anati sangatume munthu, ayeze yekha ndi thupi lake."

Kenako anatembenukira anyamata a mabwato. "Mukuyang'ana chiyani? Kamuthandizeni, wamaliza kuyeza."

Anawatulutsa akunjenjemera, madzi akutuluka m'mphuno. Mfumu inawagwira dzanja.

"A Meya, ndayenda m'dziko lonseli, koma sindinaonepo mtsogoleri woyeza mtsinje ndi khosi lake. Mlathowo muyamba liti?"

A Meya anayang'ana mlongo wawo. Mlongoyo ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Mawa, mfumu yanga."

"Zamveka," inatero mfumu, monga mafumu a dzikolo amayankhira nkhani iliyonse. Koma tsiku limenelo, mwina chifukwa cha nsomba, inawonjezera mawu ena: "Ndidzabwera kudzawolokapo. Ndipo nsomba za mzinda wanu uno ndi zokoma." Mawu akuti "mzinda wanu uno" inawanena itaima Kumchenga, ndipo a Kalilangwe, amene anawamva ali tsidya lina, analengeza pomwepo kuti nkhani ya malire yatha, pakuti pakamwa pa mfumu ndi pamwamba pa mtsinje.

Mfumu itanyamuka, a Meya anakhala pabenchi kuseri kwa matumba a mchere, atafunda chitenje cha mlongo wawo, mkufu uli pamwamba pa chitenjecho. Mayi Nasiwelo anawapatsa tiyi wotentha m'kapu yachitsulo.

"Achemwali, mwandipulumutsa."

"Imwa tiyi."

"Komanso mwandikola."

"Ndati imwa tiyi." Anakhala pambali pawo. "Tandiuza, popeza wayeza. Madziwo afika pati?"

A Meya analoza pakhosi.

"Iwe ndiwe wamtali," anatero Mayi Nasiwelo. "Amayi ake a Malire amandifika paphewa ine. Atatuluka m'chipatala mabwato anali ataletsedwa. Anawoloka pomwepo, mwana atamusenza m'beseni pamutu."

A Meya anagwira kapu ndi manja awiri mpaka tiyi anazizira. Aka kanali koyamba m'mbiri ya umeya wawo kuti apatsidwe mpata wolankhula n'kuukana.

M'mawa mwake anthu a Kumchenga anadabwa kuona a Meya ali pamtsinje, atavala kabudula wakale, akukangana ndi amisiri za pomwe mizati idzazikidwe. Anabweranso tsiku linalo, ndi linalo. Khonsolo inakhazikitsa komiti ya mlatho, koma pamene komitiyo inkamaliza kusankha wapampando wake, mizati inali itaima kale, amuna a Kumchenga ndi a Kumtunda akunyamula matabwa pamodzi, otopa ndi nyemba akulimbikira kuposa onse. A Chimtolo anabwerera pampando wawo, nakana kukhala mpaka atawathirira tiyi kawiri.

Mlathowo ndi wamatabwa, wopapatiza, ndipo ngolo ikamadutsa umalira. Patsiku lotsegulira, a Meya analankhula kwa nthawi yaitali, nafotokoza kuti maganizo omanga mlathowo anali nawo kuyambira ali mwana. Anthu anawomba m'manja, chifukwa anawaona akusenza matabwa, ndipo munthu wosenza matabwa amaloledwa kunama pang'ono.

Khonsolo mpaka lero ikukanganabe za dzina. Ena akufuna Mlatho wa Mfumu Ndamva, ena Mlatho wa Mtambalika Wachiwiri, ndipo popeza ulibe dzina, pamapu a mzinda sunalembedwe. Koma mukafika ku Tiyembekeze n'kufunsa njira ya kumsika wa nsomba, aliyense adzakuuzani kuti mutsike ndi msewu wa kuchipatala, mukawoloke pa Mpakamkhosi.

A Meya atamva dzinalo koyamba, anapita kumsika atakwiya.

"Achemwali, anthu anuwa akundinyoza. Muwaletse."

Mayi Nasiwelo anapitiriza kuthira mchere m'mbale yoyezera.

"Akukunyoza bwanji? Mameya onse amene anadutsa muno anasiya mayina awo pazikwangwani, dzimbiri n'kudya. Iwe wekha ndiwe amene anthu akukumbukira pomwe madzi anakufika."